Uriel ndi dzina labwino, ndipo m'Baibulo lilimo

Achemwali, mwati mukufuna kutcha mwana wanu wamwamuna Uriel, koma apongozi anu akukana, akuti dzinali m'Baibulo mulibe ndipo ndi la mizimu yoipa. Mwafunsanso komwe mayina a angelo anachokera. Nkhaniyi imandikhudza, chifukwa dzina labwino limatha kunyozedwa kamba koti anthu sanalifufuze.

Tayang'anani kothera kwa mayinawa: Michael, Gabriel, Raphael, Uriel. Onse akuthera ndi "el". M'Chiheberi El ndi Mulungu, El yemweyo wa mu Samuel, Daniel ndi Immanuel. Dzina la mngelo ndi kachiganizo kokamba za Mulungu, ngati mmene ife timatchira mwana Alinafe kapena Tiyamike. Ndipotu Alinafe ndi Immanuel akunena chinthu chimodzi. Mawu akuti mngelo nawo anachokera ku Chigiriki, angelos, kutanthauza mthenga.

Dzina la Michael ndi funso: "Ndani ali ngati Mulungu?" Ndiye amene akumenyana ndi chinjoka pa Chivumbulutso 12:7, ndipo ine zimandigwira mtima kuti msilikali wamkulu wakumwamba anyamule dzina lokana ulemu, loloza kwa Mwini wake. Gabriel ndi "Mulungu ndiye mphamvu yanga", ena amati "wamphamvu wa Mulungu", uja anapita kwa Zekariya ndi kwa Mariya pa Luka 1. M'Baibulo la mabuku 66, angelo oyera otchulidwa mayina ndi awiri okhawa basi. Raphael, "Mulungu wachiritsa", ali m'buku la Tobiti lomwe Akatolika ndi a Orthodox amawerenga. Ndiye anauza Tobiyasi, mwana wa Tobiti, kuti apake ndulu ya nsomba m'maso mwa bambo ake akhungu, maso n'kutseguka. Pa Tobiti 12:15 akunena yekha kuti ndi mmodzi mwa angelo 7 oima pamaso pa Mulungu, ndipo kuyambira kale anthu akhala akufuna kudziwa mayina a enawo.

Chodabwitsa n'chakuti m'mabuku oyambirira angelo ankakana kutchula mayina. Yakobo analimbana ndi mlendo usiku wonse, atafunsa dzina sanauzidwe. Manowa, bambo a Samsoni, anafunsanso pa Oweruza 13:17-18, mngelo n'kumubwezera funso lakuti ukufunsiranji dzina langa. Mayina akuyamba kuoneka m'buku la Danieli, ndipo mphunzitsi wachiyuda Shimon ben Lakish anati mayina a angelo anabwera ndi Ayuda pochokera ku Babulo.

Tsopano Uriel. Tanthauzo lake ndi "Mulungu ndiye kuunika kwanga", ena amati "moto wa Mulungu". Monga mngelo, amapezeka m'buku la Enoke ndi la 2 Esdras, mabuku omwe mipingo yathu yambiri siiwerenga ngati Malemba. Pamenepa apongozi anu sanalakwe. Koma Mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia buku la Enoke umaliwerengera m'Baibulo lake, ndipo Uriel amamulemekeza ngati mngelo wamkulu. Mantha a dzinali ali ndi mbiri yake: m'chaka cha 745, msonkhano wa ku Rome wotsogozedwa ndi Papa Zachary unadzudzula mlaliki wina, Aldebert, yemwe pemphero lake linkaitana angelo monga Uriel ndi Raguel. Kuchokera pamenepo Akatolika anatsalira pa atatu aja, Michael, Gabriel ndi Raphael, omwe chikondwerero chawo lero ndi pa 29 September. Chimene ankaletsa ndi kupemphera moitana angelo osadziwika, osati kutcha mwana dzina.

Koma nachi chimene chingathetse mkangano kwanu: Uriel alimo m'Baibulo lomwelo apongozi anu amapita nalo ku tchalitchi, monga dzina la munthu. Tsegulani 1 Mbiri 15:5. Uriel anali mkulu wa ana a Kohati, Mlevi, ali ndi abale ake 120, ndipo pa vesi 11 Davide akumuitana pamodzi ndi ansembe kuti akatenge likasa la Yehova. Munthu woitanidwa kukanyamula likasa angakhale ndi dzina la ziwanda?

Abale athu achisilamu ali ndi Jibril ndi Mikail, onse otchulidwa mu Qur'an, sura 2 ndime 98. Dzina la Azrael, lomwe ambiri amati ndi la mngelo wa imfa, mu Qur'an mulibe, mmenemo amangotchedwa Malak al-Mawt, kutanthauza mngelo wa imfa.

Pomwe ndingakuchenjezeni ndi pa mindandanda ya pa intaneti ya "angelo 72", yokuuzani mngelo wanu potengera tsiku lobadwa. Imachokera ku Kabbalah, chiphunzitso chachinsinsi cha Ayuda: anatenga Eksodo 14:19-21, mavesi atatu okhala ndi zilembo 72 lililonse m'Chiheberi, n'kusanja zilembozo zitatuzitatu, kenako ena n'kuwonjezera "el" kapena "yah" kumapeto. Mayina amenewo ndi opangidwa ndi anthu pophatikiza zilembo, ndipo ine mwana wanga sindingamutche limodzi mwa iwo.

Musakangane nawo apongoziwo pagulu. Pitani ndi amuna anu madzulo, mukhale nawo pakhonde, muwapemphe kuti atsegule okha Baibulo lawo pa 1 Mbiri 15, awerenge mokweza vesi 5 ndi 11.