Miyezi iwiri mukulemba usiku uliwonse, koma chatsopano palibe?

Imelo ya sabata ino ndi yaifupi. Mayi wina akuti akhala akulemba m'kope usiku uliwonse kwa miyezi iwiri, koma akawerenga amangopeza zomwe anachita masana ndi madandaulo omwewomwewo. Akufunsa ngati zoti kulemba kumathandiza munthu kudzidziwa si nkhambakamwa chabe.

Achemwali, si nkhambakamwa. Koma amene anakuuzani kuti ingolembani, maganizo adzabwera okha, anakubisirani mbali yaikulu, ndipo uphungu umenewu umandinyansa chifukwa wagwetsa ulesi anthu ambiri.

Zomwe mukulembazo ndi lipoti. "Ndadzuka mochedwa, kuntchito kunali msonkhano, ndatopa." Zonsezi munazidziwa kale musanagwire cholembera. Zikatha, dzanja limaima, mutu umati gwa, munthu n'kutseka kope poganiza kuti lero zakwana. Pamenepo m'pamene panafunika kupitiriza, chifukwa chomwe simukuchidziwa chili kuseri kwa kakasiyo.

Pa kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 1986, James Pennebaker ndi Sandra Beall, ofufuza za maganizo a ku America, anapatsa ophunzira a pa yunivesite ntchito yolemba mphindi 15 kwa masiku anayi otsatizana. Ena anafotokoza zinthu wamba, monga nsapato zomwe avala. Ena analemba chowawa chomwe chinawachitikira pamodzi ndi mmene chinawapwetekera mumtima, ndipo amenewa ndiwo anapita kuchipatala mocheperapo m'miyezi yotsatira, ngakhale kuti atangomaliza kulemba ankamva chisoni. Pambuyo pake Pennebaker atayamba kuwerengera mawu a anthu olemba motere, anapeza kuti opindula kwambiri anali omwe mawu osonyeza chifukwa ndi kuzindikira ankachulukirachulukira m'zolemba zawo masiku akamapita. Tayang'anani m'kope lanu, achemwali. Mawu oti "chifukwa" alimo kangati?

Ndiye pali mapulogalamu a pa foni aja owerengera masiku omwe mwalemba mosadumphitsa. Atayeni. Amakuphunzitsani kuteteza nambala, mapeto ake mumalemba mizere iwiri tulo tili m'maso kuti mndandanda usaduke. Kope lokongola kwambiri nalonso ndi msampha, munthu amachita nalo manyazi, safuna kulidetsa ndi maganizo osapsa. Charles Darwin, katswiri wa sayansi ya zamoyo wa ku England, anajambula kamtengo kokhotakhota m'kakope kake mu 1837, kosonyeza mmene zamoyo zimachitira nthambi, koma buku lake pa nkhaniyi linatuluka mu 1859. Zaka 22. Iye anali ndi lamulo loti akakumana ndi mfundo yotsutsana ndi zomwe amakhulupirira, aziilemba pompopompo, chifukwa anaona kuti zoterezi zimathawa m'mutu msanga kuposa zomukomera. Ife tonse ndife otero. Mutu umasunga zotiyeretsa, pepala limasunga zonse, n'chifukwa chake kope losawerengedwanso ndimaliona ngati ntchito yosiyidwa panjira.

Nanga muchite chiyani?

Tcherani alamu ya mphindi 15. Mphindi zisanu zoyamba lembani lipoti lanu lija, lichoke. Kenako jambulani mzere, musankhe chiganizo chimodzi chomwe chakulasani polemba, muchifunse kuti "chifukwa chiyani?" katatu, yankho lililonse libale funso lotsatira. "Ndatopa ndi ntchito." Chifukwa msonkhano unatalika. Chifukwa nkhani yomwe ndinali nayo yankho inazungulira ola lathunthu. Chifukwa sindinayankhule, ndinaopa kuoneka wodzimva. Mwaona? Ntchito ilibe mlandu, chomwe chakutopetsani ndi kukhala chete. Cholembera chisaime mpaka alamu ilire, musafufute, ndipo mukasowa mawu bwerezani chiganizo chomaliza mpaka china chituluke. Lembani deti pamwamba nthawi zonse.

Kamodzi pa sabata musalembe, muwerenge masamba asanu ndi limodzi aja muli ndi cholembera cha mtundu wina. Dulani mzere kunsi kwa dzina, mawu kapena dandaulo lomwe labwera katatu. Limenelo ndilo mutu wa sabata yamawa. Maganizo a ntchito kapena a bizinesi omwe atulukira m'mbali akopereni kumasamba akumapeto, apo ayi asochera.

Ziwiri zimaononga. Choyamba ndi kulembera munthu wina m'maganizo, mwamuna wanu kapena ana omwe angadzalipeze kopelo. Mawu amasanduka aulemu, choonadi n'kubisala. Libiseni, kapena ng'ambani tsamba mukatha kuliwerenganso. Chachiwiri ndi kubwereza dandaulo limodzi m'mawu omwewo kwa milungu itatu, komwe kumangokulitsa bala. Zikatero lembani nkhani yomweyo ngati ndinu munthu amene mukumudandaulayo, mukunena "ine" m'malo mwake. Ndipo ngati nkhani ina ikukusowetsani tulo kapena kukunjenjemeretsani mukaigwira, isiyeni kaye, imeneyo mukakambe ndi mlangizi wa zamaganizo.