Mafunso pa Chichewa: Agile, sprint ndi stand-up tizitchula bwanji ku ofesi?

Owerenga wina wa pa kampani yopanga mapulogalamu a pa foni ku City Centre mu Lilongwe walemba kuti: "Tayamba kugwira ntchito motsata Agile. Ndauzidwa kuti ndilembe malangizo m'Chichewa. Kodi ndingalembe kuti kugwira ntchito mwachangu?"

Ayi, musatero. Mukalemba mwachangu, anzanu amva kuti bwana akufuna azithamanga, pomwe nkhani si liwiro. Mfundo za Agile zinalembedwa mu 2001 ndi akatswiri 17 a mapulogalamu a kompyuta omwe anakumana ku Snowbird, m'boma la Utah ku America. Mutu wake ndi wakuti ntchito igawidwe m'zigawo zing'onozing'ono, kasitomala aziona zomwe zatha pafupipafupi, ndipo dongosolo lizikonzedwanso akapereka maganizo. Kusinthasintha nakonso sikuyenera, chifukwa kwathu kuno wosinthasintha ndi munthu wosadalirika. Lisiyeni dzinalo momwe lilili, koma poyamba penipeni mulifotokoze kamodzi: kugwira ntchito pang'onopang'ono, mukuonetsa ndi kukonza. Pogwirizanitsa mawu, litengeni ngati timu kapena kompyuta: Agile yathu, Scrum yayamba (Scrum ndi imodzi mwa njira zogwirira ntchito motsata Agile).

Yemweyo wafunsanso za sprint. Apa Chichewa sichisowa mawu: ndime. Mu Scrum, sprint ndi nthawi yoikika, yosapitirira mwezi umodzi, ndipo matimu ambiri amasankha masabata awiri. Timu imagwirizana ntchito yoti ithe m'nthawiyo ndipo cholinga chake sichisinthidwa pakati. Aliyense amene anagwirako ganyu akudziwa kuti ndime imadulidwa khasu lisanagwe pansi, ndipo mwini munda sasuntha malire dzuwa lili paliwombo. Kusiyana kwake n'kwakuti ndime ya Scrum imayezedwa ndi masiku: tsiku likakwana yatha, ngakhale zina zitatsala. Choncho lembani "ndime ya masabata awiri", "cholinga cha ndime ino". Mndandanda womwe amautcha backlog muutche ntchito zodikira. Zotsalira ayi, mawuwo akusonyeza kuti wina wachedwa, chonsecho ntchitozo nthawi yake sinakwane.

Funso lina lachokera kwa mayi wina woyang'anira antchito ku Kanengo: "Scrum Master ndi kapitawo?"

Si kapitawo, mayi. Kapitawo amagawa ntchito ndi kulemba ojomba. Scrum Master salamula munthu; amaonetsetsa kuti ndondomeko ikutsatidwa ndipo amachotsa zotchinga, monga chilolezo chomwe chagona pa tebulo la wina. Mukamutcha kapitawo kapena bwana, m'timu ya anthu khumi kapena ochepera apo aliyense ayamba kupereka lipoti kwa iye m'malo mouzana okhaokha, ndipo apo Scrum yafa. Mthandizi wa timu ndi dzina lokwanira. Product Owner musamutche mwini, anthu angaganize za mwini kampani. Iye ndi woimira makasitomala, amene amasankha choyamba kugwiridwa pa ntchito zodikira.

Mwafunsanso za stand-up. Umenewu ndi msonkhano wachiimire, wa tsiku ndi tsiku, wosapitirira mphindi 15. Matimu ambiri amayankha mafunso atatu, ndipo pa khoma muwalembe chonchi: Dzulo ndinachita chiyani? Lero ndichita chiyani? Chikunditchinga n'chiyani? Onani kuti dzulo likuyenda ndi ndinachita, osati ndachita. Samalaninso ndi mawa ndi m'mawa poitanira anthu pa WhatsApp. Wolemba kuti "tikumana mawa 8 koloko" pofuna kunena m'mawa uno apeza ali yekha.

Funso lachitatulo la pa stand-up ndi lomwe limavuta, ndipo vuto si galamala koma ulemu. Mnyamata woyamba kumene ntchito sanganene pagulu kuti "abwana mwandichedwetsa", ndiye amangoti "zili bwino", cholepheretsacho n'kubisika mpaka ndime itatha. Chichewa chili ndi njira yake yonenera popanda kuloza chala: "ntchito yaima podikira siginecha", "fayilo sinabwerebe kuchokera ku akaunti". Phunzitsani timu ziganizo zotere, ndipo abwana akakhalapo azimva osayamba kudziteteza.

Wina wa ku Area 47 akufuna mitu ya pa bolodi ya Kanban, njira yolondolera ntchito pa makhadi, yomwe inayambira ku kampani ya Toyota ku Japan. Lembani Zodikira, Zili m'manja, Zatha. Pa Zatha mugwirizane tanthauzo ndi kulilemba pansi pake, mwachitsanzo: yayesedwa, wina waiona, kasitomala angathe kuigwiritsa ntchito. "Yatsala pang'ono" ndi "ili kumapeto" zikhale ku Zili m'manja, ndipo kumeneko muike malire, monga makhadi awiri pa munthu.