Nyenyezi za m'ngodya zikamatalika: kuwerengera back focus

Bambo ena a ku Nkhotakota andilembera imelo kuti ali ndi telesikopu yaing'ono ya magalasi, field flattener (galasi lomangidwa pakati pa telesikopu ndi kamera kuti nyenyezi za m'ngodya zioneke bwino) ndi kamera ya ZWO ASI294MC Pro, ndipo pakati aikapo kabokosi ka fyuluta kokhuthala mamilimita 21. Akajambula Mlalang'amba, nyenyezi zapakati zikumaoneka bwino, koma za m'ngodya zikumatalika ngati timizere, ndipo ngakhale apotokole focuser (kachipangizo kokonzera focus) palibe chikusintha. Akufunsa ngati telesikopuyo ndi yowonongeka.

Bambo, sindikukhulupirira kuti yawonongeka. Focuser imasuntha flattener pamodzi ndi kamera, choncho singasinthe mpata wa pakati pa ziwirizi, pomwe vuto lanu lagona pa mpata umenewo. Flattener iliyonse inapangidwa kuti iwongole kuwala pa mtunda umodzi wokha kuchokera kumbuyo kwake kukafika pa sensa (kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera). Mtunda umenewu ndiwo back focus, ndipo ma flattener ambiri amafuna mamilimita 55. Onani kapepala ka yanuyo musanagule kalikonse, chifukwa zina n'zosiyana: reducer (galasi lokulitsa dera lojambulidwa) ya kampani ya Celestron ya f/6.3 imafuna pafupifupi 105.

Nambala ya 55 inachokera ku makamera a DSLR, omwe amasinthidwa magalasi. Pa Canon EF sensa ili mamilimita 44 mkati ndipo T-ring, mphete yolumikizira kamera ku telesikopu, imawonjezera 11. Pa Nikon F ndi 46.5 ndi 8.5. Wogwiritsa ntchito makamera amenewa amangomanga basi.

Inuyo muyenera kuwerengera nokha. Sensa ya kamera yanu ili mamilimita 6.5 mkati, ndipo mphete imene imabwera itamangidwa kutsogolo ndi ya 11, zomwe zikupereka 17.5. Kuphatikizapo kabokosi ka 21, mwafika pa 38.5, kutanthauza kuti mwapereweza 16.5 kuti mufike pa 55. Mwamwayi, kampani ya ZWO imaika mphete ya 16.5 m'bokosi la kamerayi, ndiye kaifufuzeni. Poyeza, musawerengere mazinga amene amalowa mkati mwa chinzake. Yambirani pamene zitsulo ziwiri zagundana. Choyezera chotchedwa vernier caliper ndi chodalirika kuposa rula, ndipo amakaniko ambiri amakhala nacho.

Chimene ambiri amaiwala ndi galasi la fyuluta, lomwe limakankhira kumbuyo malo amene kuwala kumakumanirana, ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kukhuthala kwake. Fyuluta ya mamilimita 2 ikusandutsa 55 kukhala pafupifupi 55.7, ndipo kotsalako mumakwaniritsa ndi timawashala topyapyala ta 0.2 kapena 0.5.

Masamu akatha, woweruza ndi chithunzi. Jambulani kwa masekondi ochepa pamalo odzaza nyenyezi, kenako kulitsani ngodya zonse zinayi. Kawirikawiri, timizere tikaloza pakati pa chithunzi ndiye kuti sensa yayandikira kwambiri ndipo muyenera kuwonjezera mpata, koma tikapindika mozungulira pakati ndiye kuti yatalikira. Sinthani pang'onopang'ono, theka la milimita nthawi imodzi, ndipo nthawi iliyonse konzaninso focus. Ngodya imodzi yokha ikaipa, kamera yapendekeka, ndipo mphete zowonjezera sizingathandize.

Ndikupempheni kuti musayesere usiku wa mwera, chifukwa telesikopu ikamagwedezeka nyenyezi zonse zimatalika, ndi zapakati zomwe, moti mungasinthe mphete pachabe. Kufupi ndi nyanja mame nawonso amatha kuphimba galasi, choncho liwunikeni ndi tochi musanaweruze chithunzi.