Za womenya ndi malupanga awiri mu D&D: musamuwonjezere nkhonya zonse, mmasuleni dzanja basi

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati pa tebulo panu mukusewera D&D (Dungeons and Dragons, masewero a nthano oseweredwa ndi madayisi) ya 5th edition ndi Player's Handbook ya 2014, ndipo mnzanu wa ranger wa malupanga awiri, yemwe wafika level 6, akudandaula kuti akutsalira kumbuyo kwa fighter wa greatsword, lupanga lalikulu logwira ndi manja awiri. Ndiye mukuganiza zoika lamulo loti nthawi iliyonse akamenya ndi dzanja lamanja, lamanzere lizimenyanso. Ine ndikuti lamulo limenelo lisiyeni. Mnzanuyo akudandaula zoona, koma matenda ake si kuchepa kwa nkhonya.

Tiyambe ndi zimene bukulo limanena. Ukagwira zida ziwiri zolembedwa kuti light, monga shortsword ziwiri, umamenya ndi Attack action, kenako umalipira bonus action yako, chochita chowonjezera chomwe umakhala nacho chimodzi chokha pa turn (nthawi yako yosewera), kuti chida chachiwiri chimenyeko kamodzi. Nkhonya yachiwiriyo siwonjezerapo modifier yako, nambala ya mphamvu zako yomwe umaphatikiza pa dayisi, pokhapokha utasankha fighting style ya Two-Weapon Fighting. Ndipo imakhala imodzi yomweyo kuyambira level 1 mpaka level 20.

Tsono tengani pensulo, tiyerekeze kuti nkhonya zonse zalowa. Dayisi ya d6, ya mbali 6, imapereka 3.5 pakatikati. Pa level 1, ndi modifier ya +3, wa malupanga awiri wokhala ndi Two-Weapon Fighting amatulutsa 13 pa kuvulaza pomwe wa greatsword, wa 2d6 (ma d6 awiri), amatulutsa 10, kapena 11 ndi kachidutswa akakhala ndi Great Weapon Fighting. Apa wa awiriyo ndiye mfumu. Pa level 5 kukabwera Extra Attack, ndi +4, iye ali pa 22.5, mnzake pafupifupi 24.7. Kusiyana kochepa. Koma fighter akafika level 11 n'kuyamba kumenya katatu, ndi +5, wa awiri ali pa 34, wa greatsword pa 40. Chondipweteka kwambiri ndi ichi: fighter wa longsword imodzi ndi fighting style ya Dueling amatulutsa 34.5 pa level yomweyo, uku dzanja linalo lagwira chishango chomupatsa +2 pa AC, nambala ya chitetezo chake. Munthu wataya chishango, wataya bonus action, akufunika zida zamatsenga ziwiri pomwe anzake akufuna chimodzi, ndiye n'kupezeka kuti wapitiriridwabe. Pamenepa bukulo linaphonya ndithu.

Nanga lamulo lanu lija lingachite chiyani? Pa level 5 munthuyo azimenya kanayi, 30. Pa level 11 fighter azimenya ka 6, zomwe ndi 51 poyerekeza ndi 40 ya greatsword. Ikaniponso Hunter's Mark, spell ya ranger yoika chizindikiro pa mdani, yomwe imawonjezera d6 pa nkhonya iliyonse yolowa, ndipo muona kuti dandaulo langosamuka mpando: mawa adzakhala wa greatsword akukuyang'anani ndi diso lofiira. Palinso nthawi. Munthu mmodzi akamaponya d20, dayisi yoona ngati nkhonya yalowa, ka 6 pa turn imodzi, ena onse amayamba kusuzumira mafoni.

Vuto lenileni la ranger wanuyo lili pa bonus action. Mwachionetsetsa mmene turn yake imayendera? Ndewu ikayamba akufuna kuika Hunter's Mark, bonus action yapita, lupanga lachiwiri langokhala m'manja ngati chokongoletsa. Mdani uja akagwa, kusamutsa chizindikirocho kupita kwa wina ndi bonus action inanso. Pa ndewu ya ma round atatu ndi a goblin ofa msanga, akhoza kumaliza osagwiritsa ntchito dzanja lamanzere ngakhale kamodzi. Barbarian naye amakumana ndi zomwezo pa turn yoyamba chifukwa Rage imadya bonus action, fighter pa Second Wind, rogue pa Cunning Action. Zili ngati minibasi yokhala ndi mpando umodzi wotsala pomwe okwera ali anayi pa siteji.

Choncho lamulo loyamba, lomwe ndikukulangizani ndi mtima wonse, ndi ili: nkhonya ya chida chachiwiri ikhale gawo la Attack action, kamodzi pa turn, osalipira bonus action. Zina zonse zikhale momwe zilili: zida zikhale light, modifier ibwere ndi fighting style basi. Manambala a pa pepala sasintha kwenikweni, koma pa tebulo ranger wanu amva kusiyana tsiku lomwelo, chifukwa aika Hunter's Mark n'kumenyabe katatu. Ndipo simuli nokha pa maganizo amenewa. A Wizards of the Coast eniake, mu Player's Handbook ya 2024, anabweretsa Weapon Mastery, ndipo imodzi yotchedwa Nick, yomwe ili pa dagger, scimitar, sickle ndi light hammer, imachita chimodzimodzi. Mukhoza kungobwereka kachidutswa kameneko osasamutsa tebulo lonse kupita ku buku latsopano.

Mawu oti kamodzi pa turn muwalembe ndi zilembo zazikulu. Mukawaiwala, fighter wa Action Surge, luso lomupatsa action yachiwiri pa turn yomweyo, adzakufunsani ngati nkhonya yamanzere ikubweranso kachiwiri, ndipo mkangano udzatha theka la ola.

Lamulo lachiwiri si la pano, ndi la m'tsogolo. Akafika level 11, amene ali ndi Two-Weapon Fighting apeze nkhonya yachiwiri ya dzanja lamanzere. Kwa fighter zimapereka 42.5 poyerekeza ndi 40, ndipo pa level 20 ndi 51 poyerekeza ndi 53 ndi kachidutswa. Akuyenda phewa ndi phewa, zomwe ndi zimene tikufuna. Koma magulu ambiri safika n'komwe level 11, ndiye musadzipweteke mutu nazo lero.

Pali awiri oti muwayang'anire. Rogue ndi woyamba. Sneak Attack, madayisi ake owonjezera pa kuvulaza, imalowa kamodzi pa turn, choncho kwa iye mpeni wachiwiri ndi mwayi wachiwiri wolowetsa mulu wa madayisi uja akaphonya koyamba. Kale ankasankha pakati pa mwayi umenewo ndi kuthawa ndi Cunning Action. Ndi lamulo latsopanoli apeza zonse ziwiri. Ine ndimaziloleza, chifukwa rogue wa 2014 sakhala patsogolo pa kuvulaza adani, koma dziwani kuti mwamupatsa mphatso. Monk ndiye wovuta: shortsword ndi chida chake, ndiye akhoza kumenya ndi chachiwiri kenako n'kuwonjezera Martial Arts kapena Flurry of Blows pa bonus action. Ngati muli naye pa tebulo, nenani kuti asankhe chimodzi pa turn. Paladin sanapatsidwe Two-Weapon Fighting m'bukumo, komabe nkhonya yowonjezera ndi khomo lina la Divine Smite, luso lake lowonjezera kuvulaza polipira spell slot (mpata woponyera spell), ngakhale ma spell slot ake amatha msanga ndithu.

Kanthu kena kakang'ono komwe ma DM (oyendetsa masewero) ambiri amakhululuka osadziwa: bukulo limalola kusolola chida chimodzi chokha mwaulere pa turn, ndipo kusolola ziwiri ndi gawo la feat (luso lapadera losankha) ya Dual Wielder. Lolani aliyense asolole ziwiri pamodzi. Palibe amene anabwera kudzasewera kuti athere round yoyamba akulimbana ndi chimake cha lupanga. Feat ija ikhalabe ndi +1 pa AC ndi chilolezo chogwira zida zosakhala light.

Ngati fighter wanuyo ali ndi Great Weapon Master, uja wochotsa 5 pa kumenya n'kuwonjezera 10 pa kuvulaza, ndiye kuti mbali yaikulu ya kusiyana kumene mukuona ikuchokera kumeneko, ndipo musayese kukutseka ndi lamulo la malupanga awiri. Mpatseni ranger shortsword ya +1 m'chuma cha ulendo wotsatira, ndipo uzani gulu lonse, musanayambe kusewera, kuti lamulo latsopanoli mukuliyesa kwa masewero atatu kapena anayi kenako mudzakambirananso.