Musanagule lesitilanti ija, kaimeni kaye kukhitchini

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina. Akuti: "Ndapuma pa ntchito ndipo ndalandira ndalama zanga za penshoni. Pali lesitilanti imene ikugulitsidwa, ndipo aliyense amene analawapo chakudya changa amachiyamikira. Kodi ndiigule?"

Mayi, funso lanu landikhudza, chifukwa ndalama za penshoni sizibwera kawiri. Choncho ndikuyankhani mosabisa mawu.

Kuphika bwino ndi mphatso, koma mwini lesitilanti sakhalitsa pamphika. Tsiku lake limathera pooda katundu, kuwerenga sitoko, kutseka mabuku usiku, ndi kusaka wogwirizira pamene wophika sanabwere. Masiku amene anzanu akupuma ndi amene inu mumatanganidwa kwambiri. Ngati chimene mumakonda ndi kuona anthu akusangalala ndi chakudya chanu, dziwani kuti mbali imeneyo ndi yochepa pa ntchito yonseyi.

Tiyeni tione masamu ake. Odziwa bizinesi imeneyi amawerengera kuti pa ndalama 100 zilizonse zolowa, pafupifupi 30 zimabwerera kukagula zophika. Malipiro a antchito amatenganso gawo lalikulu. Kenako lendi, magetsi, madzi, gasi, msonkho, malaisensi ndi mbale zosweka. Kawirikawiri zotsala sizifika 10. Phindu lopyapyala chonchi silipirira chibwana: wophika akamapakula mopitiriza muyeso, kapena nyama ikamatulukira khomo lakuseri, mwezi umatha muli chimanjamanja chonsecho mipando inali yodzaza.

Komanso katundu wanu ndi woola. Wogulitsa nsapato akapanda kugulitsa lero, mawa nsapato zake zili pomwepo. Inu ayi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chosachedwa kuwonongeka chisungidwe pansi pa 5°C, chotentha chikhale pamwamba pa 60°C, ndipo chophikaphika chisangokhala pamtunda kupitirira maola awiri. Firiji ikafa usiku, m'mawa mukutaya ndalama kudzala. Kasitomala mmodzi akatsegula m'mimba, mbiri imafala msanga kuposa malonda.

Tsono za lesitilanti imene mwaipenyayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funso loyamba ndi lakuti, mwiniwake akuigulitsiranji? Yankho lake limvereni, koma mukhulupirire mapepala. Pemphani masitetimenti a kubanki a zaka ziwiri kapena zitatu, zikalata za msonkho ndi malisiti ogulira katundu. Ngati akuti amagulitsa zambiri koma malisiti akusonyeza kuti amaoda zochepa, pali chimene sichikugwirizana. Akakana kukuonetsani mabuku, musavutikenso, bwererani.

Pangano la lendi ndi limene ambiri amaliiwala, ndipo ine ndi limene limandidetsa nkhawa koposa. Mukhoza kugula mapoto, matebulo ndi dzina, koma nyumba ndi ya wina. Kwatsala zaka zingati? Mwini nyumba wavomera molemba kuti panganolo lisamukire kwa inu? Angakweze lendi liti? Loya aliwerenge musanasaine. Iyeyo akuuzeninso ngati ngongole za mwini wakale, kwa omupatsira katundu, kwa antchito kapena kumsonkho, zingakutsatireni. Dziwaninso ngati makasitomala amabwerera malowo kapena wophika amene alipo, poti iyeyo akachoka akhoza kupita nawo.

Pitaniko nokha masiku osiyanasiyana, m'mawa, masana ndi madzulo, mukhale pakona ndi kuwerenga anthu olowa. Muitane mmisiri aone mafiriji, masitovu ndi mipope.

Ndipo musathire penshoni yonse pamtengo wogulira. Musiye ya lendi ndi malipiro a miyezi isanu ndi umodzi, komanso yodyera pakhomo, chifukwa bizinesi ikasintha manja imatha kuyamba yatsika kaye. Ngati mukagula simutsala ndi kalikonse, ine ndikuti musagule.

Ngati masamu akulola, ndikukupemphani chinthu chimodzi. Uzani wogulitsayo kuti mugwire naye ntchito mwezi wathunthu, kuyambira potsegula mpaka potseka, kuphatikizapo kutsuka mbale ndi kuwerenga ndalama za tsikulo. Mweziwo ukatha mundilemberenso, mundiuze zimene mwapeza m'mabukumo ndi mmene miyendo yanu ikumvera.