Kwa asisi amene afunsa za mwana wosayankhula m'kalasi ya ECD

Asisi, funso lanu ndaliwerenga kawiri nde ndati ndisangodutsa, zomwe mukukambazo ndakumana nazo kangapo. Kwa amene simunaone positi yawo, akuti angoyamba kumene ntchito yothandizira aphunzitsi m'kalasi ya ECD B, ya ana ang'onoang'ono amene sanalowe giredi 1, ku Dzivarasekwa kuno ku Harare, Zimbabwe, ndiye muli mwana wa zaka 5 amene wabwera ndi makolo ake kuchoka ku Dedza temu yathayi, mpaka pano sanatulutse liwu olo limodzi m'kalasi, Chishona sakumva, Chingerezi sakumvanso. Madamu a kalasiyo akuti makolo akauzidwe kuti asiye Chichewa pakhomo kuti mwana agwire msanga. Nde asisiwa akufunsa kuti akawauzedi zimenezo? Komanso iwowo ngati wothandizira angapangepo chani.

Musakawauze zimenezo chonde, ndikupemphani. Ine ntchito imeneyi ndaigwira zaka 9, ku Mufakose kenako ku Mabvuku, komanso ndine mwana wa konkuno, agogo anga anabwera kuchoka ku Ntcheu nthawi ya Federation, pomwe Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri anali pansi pa boma limodzi, kudzagwira ntchito m'mafamu. Ambiri mu gulupu muno mukudziwa mmene tinakulira, Chichewa chinali cha m'nyumba mokha, ukatuluka pa geti umachibisa kuopa kutchulidwa mayina ndi anzako. Ndili ndi abale anga enieni amene agogo anamwalira asanachezepo nawo bwinobwino chifukwa makolo awo anaona ngati akuwathandiza powasiyitsa Chichewa. Zimandiwawabe mpaka lero, ndipo sikuti kusukulu anakhoza kuposa ife amene tinapitiriza kuyankhula ayi.

Taganizani, mayi ake a mwanayo Chingerezi chawo mwina ndi chongopatsira moni, Chishona angoyamba kutola dzulodzuloli. Mukawauza kuti asiye Chichewa ndiye kuti pakhomopo patsala mawu ongolamula basi, bwera, khala pansi, idya, kagone. Nthano zatha, macheza a pa nsima atha, kumufunsa kuti lero mwasewera chani ndi anzako kwatha. Chonsecho chiyankhulo cha mwana chimakulira pa macheza ataliatali amenewo. Mwana amene amatha kukufotokozera mu Chichewa kuti mbuzi inathawa chifukwa chingwe chinaduka ndiye agogo anaithamangitsa mpaka kudambo, ameneyo wadziwa kale kusanja nkhani, chomwe chinayamba, chomwe chinachititsa, chomwe chinatsatira. Akamadzaphunzira Chishona ndi Chingerezi luso limenelo sayambiranso, amangosaka mawu atsopano. Ndipo Chishona musade nacho nkhawa, chili paliponse, mu kombi (minibasi), pa mzere wa pa mjigo, ku tchalitchi, kwa ana a pa neba. Chichewa ndi chimene chili ndi malo amodzi okha, pakhomo pawo.

Olo malamulo ali mbali yathu. Konsitityushoni ya 2013, gawo 6, inavomereza ziyankhulo 16 za dziko lino ndipo Chewa ndi chimene chili poyambirira penipeni pa mndandandawo. Kalikulamu yomwe inayamba mu 2017 inanenanso kuti ana ang'onoang'ono aziphunzitsidwa mu chiyankhulo cha m'dera lawo, chifukwa chake ndi chomwechi, mwana amamva msanga mu chiyankhulo chomwe akuchidziwa. Kuno ku Harare zimatanthauza Chishona, nde mwana wa ku Dedza amatsala panja, apa mpamene inuyo mukufunikira. Koma musakapite kwa madamu ndi malamulo m'manja ngati mukukatsutsana nawo. Kalasi ndi yawo, ndipo munthu amene ali ndi ana 40 kapena 50 amangofuna njira yachidule, si nkhanza. Apezeni ana ataweruka, muwapemphe kuti akulolani muzikhala ndi mwanayo ndi anzake awiri atatu mphindi 10 tsiku lililonse, muwauze kuti pakatha mwezi mudzawaonetsa zomwe zasintha. Ambiri amavomera.

Tsopano za kukhala chete kwakeko. Funso loyamba mukawafunse mayi ake ndi lakuti kunyumba amayankhula? Ngati kunyumba ndi wolongolola, amafunsa mafunso, amakangana ndi achemwali ake, ndiye mtima pansi. Ana ambiri akalowa malo a chiyankhulo chachilendo amayamba akhala duu, ena masabata ochepa ena miyezi ingapo, koma makutu amakhala akugwira ntchito, akutolera. Mudzaona akuyendetsa milomo anzake akamaimba, kapena akunong'ona yekha pakona kubwereza zomwe madamu anena. Osamukakamiza kuima kutsogolo kuti anene dzina lake anzake onse akumuyang'ana, mukatero mwawonjezera mwezi wina wa chete. Koma ngati kunyumbanso mawu ake ndi ochepa, kapena mukamuitana chakumbuyo satembenuka, kapena makutu amatuluka mafinya pafupipafupi, imeneyo ndi nkhani ina, akamuone makutu ku kiliniki ndipo ahedi atha kuitana a Schools Psychological Services, akatswiri a ku unduna wa maphunziro oona ana amene akuvutika pophunzira. Ndinakhalapo ndi mwana amene tonse timati ndi wamanyazi chaka chathunthu, kumapeto zinapezeka kuti khutu limodzi silimamva bwino. Musachedwe nazo zimenezo.

Ndikuuzeni za kamtsikana kena komwe ndinali nako, kanachokera ku Mangochi. Tsiku lina kanajambula nyumba yokongola kwambiri, madamu anasangalala nkukuwa kuti wagona, ombererai maoko, kalasi yonse kuwomba m'manja. Mwana uja anayamba kulira. Ndinapita kukakhala naye pansi nkumufunsa mu Chichewa kuti walira chani mwanawe, akuti aphunzitsi akundinamizira kuti ndagona pomwe sindinagone, ndipo anzanga akundiseka. Mwaona? Pa Chishona wagona ndiye kuti wakhoza, kwa ife ndi tulo. Amenewo anali mawu ake oyamba kuwamva ine m'kalasimo, patatha masabata 6. Kuyambira pamenepo ndinayamba kulemba mawu onyenga oterewa. Mvura kwa anzathu ndi madzi akumwa omwe, mwana wathu akamva amayang'ana kumwamba. Pinda ndiye kuti lowa, iye amaganiza zopinda nsalu. Enda ndiye kuti pita, iye amamva ngati yenda. Koma ambiri ndi apachibale ndipo ndi amene muyambire, mwana, moto, kudya, kuseka, munhu ndi munthu, zuva ndi dzuwa, mwedzi ndi mwezi, chimbuzi ndi chimbudzi. Mwana akazindikira kuti Chishona si chachilendo kwenikweni mantha amachepa, amayamba kuyeserera yekha.

Lomalizalo, la chimbudzi, likhale loyamba sabata ino. Mwana amene sadziwa kupempha kupita kuchimbudzi, kupempha madzi, kunena kuti ndikudwala kapena wandimenya, tsiku lonse amakhala ndi mantha ndipo palibe chomwe chimalowa. Akadzikodzera kamodzi pamaso pa anzake ndiye kuti pakamwa patsekeka kwa nthawi yaitali.

Ntchito yathu ife othandizira ubwino wake ndi wakuti tili pafupi ndi mwana. Madamu amaima kutsogolo kuyankhula ndi ana 45 nthawi imodzi, ana amayankha onse pamodzi ngati kwaya, nde mwana wosamva amangotsegula pakamwa nkubisala mu phokosolo, temu yonse kutha osadziwika. Inu khalani pansi pa mkeka, maso anu afanane ndi ake, muziyankhula za chomwe iyeyo wagwira m'manja nthawi imeneyo. Akuseweretsa kagalimoto ka mawaya, kambani za galimotoyo, ikupita kuti, yanyamula ndani, yafa tayala? Nthawi ya bureki ndi imene ine ndimaikonda kuposa zonse, potsegula zakudya, posamba m'manja, pomanga zingwe za nsapato, mawu amalowa bwino chifukwa chinthucho akuchiona ndipo akuchifuna. Ndimanena kamodzi mu Chichewa kenako mu Chishona kapena Chingerezi, koma osamasulira chilichonse chomwe madamu anena, mukatero amasiya kuwamvetsera nkumangodikira inuyo. Ndimamuuziratu nkhani mu Chichewa madamu asanaiyambe, kuti lero kuli nkhani ya kalulu ndi fulu, akalowa amakhala akudziwa kale komwe ikupita ndiye amangotola mawu.

Chovuta kwambiri, chomwe inenso chinanditengera nthawi, ndi kudikira. Mayi wina wa ku America, Mary Budd Rowe, anafufuza m'zaka za m'ma 1970 nkupeza kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanayankhe okha kapena kuloza mwana wina, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposa mayankho amatalika komanso ana ambiri amayesa. Nanga mwana amene akuyenera kumva funso mu Chishona, kuliganiza mu Chichewa, nkusakanso mawu oyankhira? Ine ndimawerenga chamumtima mpaka 10, nkhope ili yomasuka. Ndipo anzake ochangamuka aja amene amathamangira kumuyankhira muziwaletsa mwachikondi.

Akayamba kuyankhula adzasakaniza, adzanena kuti ndikuda mvura yakumwa, kapena me want bhora. Musanene kuti walakwa, musamubwerezetse katatu. Ingomubwezerani chiganizo chokhoza ngati mukucheza, nkuwonjezerapo kamodzi, akati bhora, kutanthauza mpira, inu muziti ehe, bhora hombe (mpira waukulu), bhora dzvuku (mpira wofiira). Kusakanizako si kusokonezeka mutu ayi, ife tomwe akuluakulu mu gulupu muno timasakaniza tsiku ndi tsiku. Mafunso anunso asamakhale a eya kapena ayi okhaokha. Poyamba mupatseni zosankha, ukufuna choko kapena kirayoni, kenako mukaona kuti wayamba kumasuka mufunseni kuti chinachitika ndi chani, bwanji walira mnzakoyu.

Mupezereni mnzake mmodzi wofatsa wokonda kucheza. Ku Dzivarasekwa ndikhulupirira kuti m'kalasi momwemo muli ana ena amene agogo awo amayankhula Chichewa kapena Chiyao koma sananenepo, mukayamba inuyo kuyankhula poyera mudzadabwa akutulukira okha. Kona ya masanje, anzathu amati mahumbwe, ndi imene imatsegula ana pakamwa, ikani timiphika, zitini, tinsalu, ndalama za mapepala, wina akhale wogulitsa matimati wina kondakitala wa kombi. Mwana amene sayankha funso la madamu mudzamumva akukuwa kuitanira anthu okwera. Nthanonso pemphani madamu kuti tsiku lina muyambe ndi padangokhala ana nkuyankha tili tonse, mawa lake muyambe mwa Chishona ndi paivapo ana nkuyankha dzepfunde. Tsiku la tili tonse mwana wanuyo ndi amene amakhala katswiri, anzake amafunsa kwa iye, ndipo ndaonapo ana akusintha mayendedwe chifukwa cha kanthu kakang'ono kameneka. Zilape nazonso, ija ya nyumba yopanda khomo yomwe yankho lake ndi dzira ilipo ku Chishona komwe. Mabuku akasowa musadandaule, ine ndimadula zithunzi za m'mapepala otsatsa malonda a m'mashopu nkumata pa makatoni, pansi nkulemba mawu mu ziyankhulo zitatu.

Akamadzafika giredi 1 muzidzatchera khutu pa l ndi r. Ife pa Chichewa sizisintha tanthauzo, timangolemba r pambuyo pa e ndi i ngati mu kulira ndi kulera, Chishona cholembedwa chimagwiritsa r, koma pa Chingerezi play ndi pray ndi mawu awiri osiyana. Chimodzimodzi h, kwa ife ph ndi wa phala pomwe pa Chingerezi phone amamveka f, ndipo Chishona chili ndi bh ndi dh zake ngati mu bhuku ndi dhongi. Masewera omvetsera amathandiza, kulanga sikuthandiza.

Chenjezo lina, pakatha chaka mwanayu adzakhala akulongolola Chishona pabwalo ngati wobadwira ku Mbare, aliyense adzati basi wagwira. Apa mpamene ana ambiri amatayidwa. Jim Cummins wa ku yunivesite ya Toronto anaonetsa kuti chiyankhulo chochezera chimabwera mwina mu zaka ziwiri, koma cha m'mabuku, chofotokozera chifukwa, kufananiza, kumva funso la samu lolembedwa m'mawu, chimatenga zaka 5 mpaka 7. Ndipo mayeso a giredi 7 a ZIMSEC, bungwe la mayeso la dziko lino, mapepala ambiri ndi a Chingerezi. Nde mukhale ndi kakope kanu, tsiku lililonse mzere umodzi, deti ndi zomwe wanena ndendende mmene wanenera. Kakope kameneko ndi komwe mudzaonetse madamu mwezi ukatha, ndipo kadzathandiza mphunzitsi wa chaka chamawa.

Mayi akewo mukakumana nawo pa geti auzeni kuti apitirize Chichewa mwamphamvu, azimuuza nthano, azimutuma nkumufunsa kuti wakapeza chani, azimuimbira foni agogo ku Dedza acheze nawo, ndipo madzulo azimufunsa kuti awaphunzitse liwu limodzi la Chishona lomwe watola tsiku limenelo. Inuyo Lolemba mukamulandire ndi wadzuka bwanji mwanawe musanalowe m'kalasi, olo asayankhe, mawa lake mubwerezenso. Mudzatiuze muno mmene zikuyendera asisi, ndipo mukafuna mndandanda wanga wa mawu onyenga aja nenani ndiujambule ndiuike mu gulupu.