Kodi ufa wa chamwamba umatsukadi chiwindi?

Bambo wina wa ku Nchalo wanditumizira imelo kufunsa ngati n'zoona zimene ogulitsa ufa wa chamwamba ndi makapisozi a mavitamini amanena, zakuti munthu akamamwa ma antioxidant (zinthu zoteteza maselo a m'thupi ku tinthu towaononga) ochuluka chiwindi chake chimatsukika n'kuyamba kugwira ntchito mwamphamvu. Bambo, chamwamba ndi ndiwo zabwino ndipo musasiye kudya, koma chiwindi sichiyendera lamulo lakuti zambiri ndiye zabwino.

Chiwindi chimaphwanya poizoni pogwiritsa ntchito maenzaimu, mapuloteni amene amafulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi, ndipo enzaimu iliyonse ili ndi jini yake, malangizo oipangira olembedwa mu DNA, imene imatha kuyatsidwa kapena kuzimitsidwa. Maenzaimu a gulu loyamba, a cytochrome P450, amayamba kusintha mankhwala, mowa ndi zina zolowa m'thupi, koma nthawi zina chimene amatulutsa chimakhala choopsa kuposa chimene analandira. A gulu lachiwiri amamangirira choopsacho ku zinthu monga glutathione, antioxidant amene chiwindi chimadzipangira chokha, kuti chituluke kudzera mu ndulu kapena mkodzo.

Chimene chimayatsa majini a gulu lachiwirili ndi puloteni yotchedwa Nrf2, imene inatulukiridwa mu 1994. Mu 1999 gulu la Masayuki Yamamoto ku Japan linapeza inzake, Keap1, imene ntchito yake ndi kugwira Nrf2 n'kuipereka kuti iphwanyidwe, moti zinthu zikakhala bwino Nrf2 sichedwa kutha. Keap1 ili ngati mlonda amene wagwira galu pa chingwe: tinthu towononga maselo tikachuluka, kapena glutathione akachepa, imasiya kugwira, Nrf2 imalowa pakati pa selo pamene pali DNA, n'kuyatsa majini oposa 200, kuphatikizapo amene amapanga glutathione watsopano. Choncho kuchepa pang'ono kwa chitetezo ndiko kumadzutsa chiwindi, ndipo mapiritsi ochuluka angathe kungotontholetsa chenjezolo. Kafukufuku wa ku Finland amene anatuluka mu 1994, wa amuna osuta fodya pafupifupi 29,000, anapeza kuti amene ankamwa mapiritsi a antioxidant wotchedwa beta-carotene anadwala khansa ya m'mapapo kwambiri kuposa anzawo. Imeneyo inali nkhani ya mapapo, komabe ikukwanira kutichenjeza.

Nanga masamba amathandiza bwanji? Mu 1992 Paul Talalay ndi anzake ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anapeza sulforaphane mu broccoli, chinthu chimene chimanyanyula Keap1 pang'ono kuti imasule Nrf2. Mpiru, repu, kabichi ndi chamwamba zili ndi zinthu za mtundu womwewo, ndipo kuwawa kumene mumamva pa lilime mukatafuna tsamba la mpiru kumachokera kumeneko. Umboni wa chamwamba unapezeka makamaka pa makoswe ndi pa maselo a mu labotale, kotero wogulitsa akakulonjezani machiritso wapitirira malire. Kuphika masamba mpaka atasanduka phala kumaononganso mbali ya zinthuzi.

Kwa ife a kuno kuchigwa, chondidetsa nkhawa kwambiri ndi katundu amene timasenzetsa chiwindi. Kutentha kwa ku Chikwawa ndi Nsanje, pamodzi ndi chinyezi cha madzi osefukira ngati a Namondwe Freddy mu 2023, kumameretsa chuku pa chimanga ndi mtedza. Chukucho chimatulutsa aflatoxin, amene P450 imamusandutsa chinthu chomata pa DNA, ndipo kwa munthu wa matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B chiopsezo cha khansa ya chiwindi chimakwera kwambiri. Kachasu nayenso amachulukitsa enzaimu ya CYP2E1, imodzi mwa a gulu loyamba aja, n'kumachepetsa glutathione, ndiye munthu wa matsire akamameza paracetamol mobwerezabwereza, chiwindi chimasowa chodzitetezera nacho. Pamenepo madokotala amapereka N-acetylcysteine kuti glutathione abwerere, ndipo amenewo ndi mankhwala a kuchipatala, operekedwa pa mlingo wake.

Ndalama za makapisozizo, Bambo, gulirani matumba osalowa mpweya osungiramo chimanga chouma bwino, mtedza wonyala ndi wakuda muzitaya m'malo moupera nsinjiro, ndipo mukayezetse hepatitis B.